Mmene Mungaphunzirire Ska pa Saxophone Pomvetsera Tommy McCook

Wofuna kuliza saxophone m'nyimbo za ska (mtundu wa nyimbo zovina za ku Jamaica) ayenera kuyamba ndi kumvetsera Tommy McCook, katswiri wa ku Jamaica amene anabadwa mu 1927 n'kuphunzira zoimba pa Alpha Boys School ku Kingston. Sankhani nyimbo zimene anajambula ndi gulu la The Skatalites mu 1964 ndi 1965, ndipo poyamba chida chanu musachigwire n'komwe. Werengani mokweza kuti "1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi", mudzamva gitala ndi piyano zikulira pa "ndi" aliyense, pomwe pagona mtima wa ska.

Mukazolowera, tengani kachigawo kakafupi kamene McCook akuliza yekha, mukang'ung'udze pakamwa mpaka kakhazikike m'mutu, kenako mukafunefune ndi zala, mukusamala makamaka malo amene iye amapumira. Ambiri amathamangira liwiro, komatu luso lake linachokera ku jazi.

Liwiro likakukanikani, pitani ku rocksteady, mtundu wa nyimbo zodekha umene unabwera pambuyo pa ska, imene McCook analiza ndi gulu la The Supersonics ku Treasure Isle, situdiyo yojambulira nyimbo ya Duke Reid, chifukwa kumeneko noti iliyonse imamveka bwinobwino.