Momwe mungagwirizanirane mawu oimitsira masewera a kuchipinda

Masewera omangana manja, kuphimbana m'maso ndi kulamulana, amene pa intaneti amawatchula kuti BDSM, anafika kale kuno ku Nkhotakota, kungoti anthu sakamba poyera. Ine ndi bambo akunyumba tawachita kwa zaka zingapo. Ndi za akuluakulu okhaokha, a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo onse awiri akhale ofuna. Zokakamizana ndi nkhanza, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limagwira ntchito ngakhale kuchipinda.

Poyamba kambiranani masana, mutavala, musanamwe mowa. Aliyense anene zimene akufuna, zimene angayeseko, ndi zimene sangalole zivute zitani. Amene anavomera dzulo mumufunsenso lero.

Kenako sankhani mawu oimitsira. Apa ndi pamene ife tinalakwitsa. Tinagwirizana kuti ndikati "basi" ndiye kuti aleke. Komatu "basi" ndimanena tsiku lililonse, ngakhale akamandigirigisha ine ndikufa ndi phwete. Usiku wina chingwe chinathina padzanja, chala chachikulu n'kuyamba dzanzi. Ndinati "basi", iwo n'kumayesa kuti ndi mbali ya sewero. Ndinabwereza katatu, anazindikira ataona misozi. Dzanzi linatha m'mawa, koma panapita milungu ndisakulola kuti andigwire mkono, ndipo iwo ankachita manyazi ngakhale kundiyang'ana pa chakudya.

Ndiye sankhani mawu amene simungawanene mwangozi pa mphasa. Athu ndi "kondowole": akangomveka, zonse zimaima pomwepo, palibe kufunsa chifukwa, palibe kunyanyala. "Usipa" ndiye kuti chepetsani, tisanafike poipa. Ena amatengera maloboti a pamsewu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, nazonso zimagwira. Wolamulayo nayenso ali ndi ufulu wowanena. Ngati pakamwa pakhala potseka, womangidwayo agwire makiyi m'manja; akawagwetsa pansi, ameneyo ndi kondowole. Yesererani kamodzi musanayambe.

Za zipangizo, chingwe cha nayiloni cha asodzi chija n'chotchipa koma chimasupula khungu, gulani cha thonje. Maunyolo achitsulo amene anyamata ena amatsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, akuti ochokera ku Joni, asiyeni. Mtengo wake mungagule nawo mpunga wa mwezi wonse, ndipo kiyi akakana pakati pa usiku mudzadzutsa wowotcherera zitsulo, mudzamuuza chiyani? Zala ziwiri zizilowa pansi pa chingwe, sizasi ikhale pafupi, pakhosi musamangepo chilichonse, ndipo womangidwa musamusiye yekha ngakhale kungopita kukatseka chitseko.

Mukamaliza masulanani, mwani madzi, fundani, onani manja. Zina mukambirane mawa lake pa tiyi.