Momwe mphunzitsi wa ku Salima angakhalire katswiri wa zipangizo zamakono ndi ndondomeko za sukulu zakumidzi

Kuyambira mu 2023, pamene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kupereka matabuleti m'sukulu zapulayimale za boma kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, pakufunika anthu odziwa choko ndi tabuleti yomwe. Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi ya amene anaphunzira za kompyuta, koma njira yodalirika imadzera m'kalasi.

Yambani ndi kukhoza bwino MSCE, makamaka Chingerezi ndi masamu, kenaka mufunsire malo ku sukulu yosulira aphunzitsi monga ya Lilongwe kapena ya Kasungu, kumene maphunziro a IPTE, osula aphunzitsi a ku pulayimale, amatenga zaka ziwiri, mbali ina ku koleji ndi mbali ina pa sukulu yeniyeni. Ofuna kuphunzitsa ku sekondale angapite ku koleji ya Domasi, ku koleji ya Nalikule, ku University of Malawi kapena ku Mzuzu University.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya, akakutumizani ku sukulu ya kwa Khombedza, ku Thavite kapena ku Ngodzi, musafulumire kupempha kuti akusamutsireni pafupi ndi boma. Kumeneko ndiye mudzaona ndi maso anu chifukwa chimene anyamata amajombera usipa ukachuluka ku nyanja, momwe ana amalepherera kuoloka Linthipe ikasefukira, ndi momwe atsikana amacheperachepera kuchoka Sitandade 5 kukafika Sitandade 8. Ndondomeko yolembedwa ndi munthu amene sanaonepo zimenezi imangokongola papepala.

Chachitatu, dziperekeni kuyang'anira zipangizo za pa sukulu yanu. Matabuleti a BEFIT ndi a ana a Sitandade 1 mpaka 4, amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu pogwiritsa ntchito pulogalamu ya bungwe la onebillion, ndipo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Ntchito yake si yapamwamba ayi: kupukuta fumbi pa sola m'chilimwe, kuwerenga matabuleti limodzilimodzi powabwezera mosungiramo, kupatula zomvera m'makutu zoduka nthambo, ndi kukonza nthawi kuti kalasi iliyonse ipeze mpata popanda kudula phunziro la Chichewa. Pamene ana ali pa mphasa ndi matabuleti, yendani kumbuyo kwawo ndipo muone mwana amene akungodina chithunzi chimodzimodzi osapita patsogolo, chifukwa ameneyo akufuna mphunzitsi osati batire. Musaiwalenso wailesi, imene yathandiza aphunzitsi kudzera m'maphunziro a Tikwere ndiponso inathandiza ana sukulu zitatsekedwa mu 2020.

Chachinayi, sungani ziwerengero. Kaundula wa m'kalasi amene ena amamudzaza mwaulesi ndiye gwero la zimene zimalowa mu EMIS, nkhokwe ya unduna yosungira ziwerengero za sukulu, ndipo ziwerengero zimenezo ndi zimene boma limayang'ana pogawa aphunzitsi ndi mabuku. Phunzirani kuziika mu Excel, muzikambirana ndi a PEA (alangizi a sukulu zapulayimale m'dera lanu) ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera amachitira maphunziro ndi misonkhano), ndipo muzipezeka pa misonkhano ya komiti ya sukulu, ya makolo ndi aphunzitsi, ndi ya gulu la amayi, kumene amagwirizana za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu. Werenganinso lamulo la zamaphunziro la mu 2013 ndi pulani ya boma yotukulira maphunziro ya NESIP ya 2020 mpaka 2030.

Mukatha zaka zingapo mukuchita zimenezi, onjezerani maphunziro mpaka digiri, ngakhale kudzera m'maphunziro akutali kuti musasiye ntchito. Makomo amene amatseguka ndi udindo wa PEA, ofesi ya zamaphunziro ya pa boma, Malawi Institute of Education ku Domasi kumene amakonza silabasi ndi mabuku, komanso mabungwe monga VSO ndi Imagine Worldwide amene akugwira ntchito ndi unduna pa BEFIT. Polemba kalata yofunsira ntchito, tchulani chiwerengero cha matabuleti amene munasamala, aphunzitsi amene munawaphunzitsa ndi ana amene anabwerera ku sukulu, ndipo mupemphe a hedi ndi a PEA kuti akulembereni umboni.