Mmene mungaonere ndi kuwongolera mapulogalamu otsegula pakompyuta

Kompyuta ikayamba kuchedwa, kapena windo limene mumagwiritsa ntchito likasowa, musathamangire kukanikiza batani lozimitsira. Kutero kumataya ntchito imene simunaseve, ndipo fayilo imene kompyuta imalemba pa nthawiyo ikhoza kuwonongeka. Yambani mwaona zimene zili zotsegula. Kutseka mokakamiza kubwere pomalizira.

Pa Windows, gwirani batani la Alt osalisiya, kenako dinani Tab. Patuluka tizithunzi ta mawindo onse otsegula. Mukapitiriza kudina Tab mumasuntha kuchoka pa windo lina kupita pa lina, ndipo mukasiya Alt, windo limene mwafikapo limabwera kutsogolo. Mukapitirira limene mumafuna, wonjezerani Shift kuti mubwerere m'mbuyo. Ngati mawindo ndi ambiri, dinani batani la Windows pamodzi ndi Tab. Izi zimatsegula Task View, imene inabwera ndi Windows 10 mu 2015. Ubwino wake ndi wakuti tizithunzi timakhala tokulirapo ndipo sitichoka mukasiya mabatani, choncho mutha kusankha mosapupuluma ndi mausi.

Pali mapulogalamu ena amene sangaoneke pamenepa. Mapulogalamu ochezerana, oteteza ku mavairasi ndi osungira mafayilo pa intaneti kawirikawiri amapitiriza kugwira ntchito ngakhale mutadina X. Amabisala pakona ya kumanja m'munsi, pafupi ndi wotchi, kuseri kwa kachizindikiro koloza m'mwamba. Dinani kachizindikiroko, dinani pulogalamuyo ndi batani la kumanja la mausi, kenako sankhani Exit kapena Quit.

Kuti mawindo awiri akhale moyandikana, dinani windo loyamba, kenako Windows ndi muvi wa kumanzere. Lidzaza theka la sikirini, ndipo kompyuta ikuonetsani mawindo otsalawo kuti musankhe la theka linalo. Pa Windows 11, Windows ndi Z imakupatsani njira zingapo zogawira sikirini. Windows ndi D imatsitsa mawindo onse nthawi imodzi, ndipo mukadinanso amabwerera momwe analili. Amene amasakaniza ntchito zambiri angapange desikitopu yachiwiri ndi Windows, Ctrl ndi D, n'kumasinthasintha ndi Windows, Ctrl ndi muvi. Kutseka desikitopu yotereyi sikutseka mapulogalamu ake, amangosamukira pa desikitopu yoyandikana nayo.

Vuto limene limasokoneza anthu ambiri ndi la windo looneka pa taskbar (mzere wa zizindikiro m'munsi mwa sikirini) koma osaoneka pa sikirini. Nthawi zambiri zimachitika mukachotsa sikirini yachiwiri kapena pulojekita, windolo n'kutsalira pamalo amene kulibenso. Lisankheni ndi Alt ndi Tab, kenako dinani Windows, Shift ndi muvi wa kumanzere kapena wa kumanja. Zikakanika, dinani Alt ndi Space, kenako M, ndipo likokeni ndi mivi mpaka lionekere. Dinaninso Windows ndi P kuti muonetsetse kuti pasankhidwa PC screen only.

Tsopano za pulogalamu yokakamira. Windows imalemba kuti Not responding pulogalamu ikatha masekondi 5 isanayankhe. Mawuwa satanthauza kuti yafa. Ikhoza kukhala ikutsegula fayilo yaikulu, ikuseva, kapena ikudikira netiweki. Ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri ndipo musaidine mobwerezabwereza, chifukwa kudina kulikonse kumangowonjezera ntchito pa mzere umene waima kale. Ikapanda kudzuka, yesani Alt ndi F4, imene imapempha pulogalamu kuti itseke bwinobwino n'kukufunsani ngati mukufuna kuseva.

Zikakanika zonsezi, dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager, imene imaonetsa zonse zimene zikugwira ntchito pakompyuta. Ikatseguka yaing'ono pa Windows 10, dinani More details. Pansi pa Processes muona magulu atatu: Apps, Background processes ndi Windows processes. Dinani pamutu wa CPU, Memory kapena Disk kuti pulogalamu imene ikudya kwambiri ikwere pamwamba. Memory (RAM), imene imasunga zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ikatsala pang'ono kudzaza, kompyuta imayamba kusamutsira zinthu ku disiki, imene imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, ndipo apa ndi pamene chilichonse chimayamba kukwawa. Kawirikawiri wopalamula amakhala Chrome kapena Edge wokhala ndi matabu (masamba a intaneti otsegula) ambirimbiri. Musadabwe kuona dzina lake kambirimbiri, chifukwa matabu ndi zowonjezera zake zimayendetsedwa paderapadera. Kutseka matabu osafunika kumathandiza popanda kutaya chilichonse.

Sankhani pulogalamu yokakamirayo n'kudina End task. Dziwani kuti zonse zimene simunaseve zipita. Word ndi Excel zimayesa kubweza zimene zinasungidwa ndi AutoRecover, imene mwachizolowezi imasunga pakatha mphindi 10 zilizonse, choncho zolemba za mphindi zomalizira zikhoza kusowa. Gulu la Windows processes musalikhudze ngati simukudziwa ntchito ya chimene mukutsekacho, popeza zina mukazitseka kompyuta yonse imagwa. Chimodzi chokha ndicho chotetezeka ndiponso chothandiza: taskbar ikauma, pezani Windows Explorer n'kudina Restart. Sikirini iphethira pang'ono, koma mapulogalamu anu akhalabe otsegula.

Pa Mac, Command ndi Tab imasinthira mapulogalamu, osati mawindo. Kuti muone mawindo onse, dinani Control ndi muvi wa m'mwamba, zimene zimatsegula Mission Control. Batani lofiira limatseka windo lokha pa mapulogalamu ambiri, ndipo kadontho kotsalira pansi pa chizindikiro chake pa Dock (mzere wa zizindikiro za mapulogalamu) kamasonyeza kuti ikugwirabe ntchito. Kuti itsekeretu, dinani Command ndi Q. Yokakamira itsekeni ndi Option, Command ndi Esc, n'kusankha Force Quit, ndipo kuti muone imene ikudya memori yambiri tsegulani Activity Monitor mufoda ya Utilities.