Sabata zoyamba m'nyumba ya anthu aulumali ku England: poyambira pake

Pafupifupi mwezi uliwonse ndimalandira foni kwa mwana wakwathu amene wangopeza ntchito ya care, yosamalira anthu, kuno ku England. Funso limakhala lomwelo: "Anti, andiika kunyumba ya anthu a learning disability, ndikayambire pati?" Learning disability ndi ulumali umene umachititsa munthu kuvutika kuphunzira ndi kumvetsa zinthu moyo wake wonse. Ine ndatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito m'nyumba yokhala anthu anayi. Awiri ali ndi autism (kagwiridwe kosiyana ka ubongo kamene kamakhudza kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu ena), mmodzi Down syndrome (ulumali wobadwa nawo umene umachedwetsa kuphunzira), winayo amagwa khunyu komanso salankhula. Zimene ndimayankha pafoni ndi izi.

Musanapite, dziwani kuti ndi nyumba yamtundu wanji. Pali care home, komwe kampani imapereka malo ogona ndi chisamaliro pamodzi, ndiye pali supported living, komwe munthuyo ali ndi pangano lake la lendi ndipo inu mumangobwera kudzamuthandiza. Lembani dzina la kampaniyo pa intaneti patsamba la CQC, bungwe loyendera malo oterewa ku England, muwerenge lipoti lake. Akalemba kuti Inadequate kapena Requires improvement, werengani chifukwa chake.

Mukafika, kumbukirani odi. Kwathu sitilowa m'nyumba ya munthu osaodira, ndipo kuno n'chimodzimodzi ngakhale makiyi ali m'thumba mwanu. Gogodani, tchulani dzina lanu, dikirani. Munthu wa zaka 50 ndi bambo kapena mayi, musamulankhule ngati mwana wa mkaka chifukwa choti amachedwa kuyankha. Funsani funso limodzi lalifupi, kenako khalani chete muwerenge mumtima mpaka khumi.

Tsiku loyamba lomwelo pemphani fayilo ya munthu aliyense, imene amati care plan, ndipo muiwerenge yonse. Ine ndinaiwerenga mothamanga. Tsiku lachitatu ndinatsuka mbale, kapu yabuluu ya bambo wina ndinaiika m'kabati pamodzi ndi zinzake. M'mawa mwake analowa kukhitchini, anayang'ana pawindo pamene kapuyo imakhala, anaima njo, n'kuyamba kudzimenya pachipumi ndi chibakera. Ine kunjenjemera, osadziwa cholakwa. Mnzanga wa pashifiti anatsegula kabati, anabwezera kapu pawindo chogwirira chitaloza kumanja, n'kundikokera pambali kuti bamboyo apume. Zinali zolembedwa m'fayilo, mzere umodzi wokha. Kwa iye kapuyo ikakhala pamalo pake ndiye kuti tsiku liyenda monga dzulo, ndipo mtima umakhala m'malo.

Kuyambira pamenepo, munthu akasintha khalidwe sindithamangira kunena kuti wavuta. Ndimayamba ndafunsa: dzino likumupweteka? Wadzimbidwa? Wagona bwino? Wailesi yakwera kwambiri? Munthu wosalankhula sangakuuzeni kuti m'mimba mwamanga, amangokana chakudya kapena kuponya mbale. N'chifukwa chake timalemba ngakhale za kuchimbudzi tsiku lililonse, ndipo musachite nazo manyazi. Onetsetsaninso kuti akupita kukapimidwa thupi lonse kamodzi pachaka kwa dokotala wake, mwayi umene aliyense wa learning disability amakhala nawo kuyambira zaka 14. Popita kuchipatala musaiwale hospital passport, kabuku kofotokoza mmene munthuyo amalankhulira, zimene amaopa ndi mankhwala amene samuyanja.

Akakutumizani ku maphunziro a Oliver McGowan musawatenge ngati ongosainira. Oliver anali mnyamata wa zaka 18 wa autism amene anamwalira mu 2016 ku Bristol atapatsidwa mankhwala amene iye ndi makolo ake anali atanena kuti samuyanja. Mayi ake, Paula McGowan, ndi amene analimbikira mpaka lamulo la mu 2022 linakakamiza kuti ogwira ntchito zaumoyo ndi za care aziphunzitsidwa za autism ndi learning disability.

Chimene chimativuta kwambiri ife a kwathu ndi kukakamiza mwachikondi. Tinakula ndi "idya, usasiye", "vala juzi, kukuzizira". Kuno lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu aliyense mumutenge kuti amatha kudzisankhira pokhapokha zitatsimikizika kuti pa nkhani imeneyo sangathe, ndiponso kusankha zimene inu mukuona ngati zopanda nzeru sikutanthauza kuti sangathe kusankha. Mayi wina m'nyumba yathu amakonda kuvala chipewa chaubweya ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndimamuonetsa zipewa ziwiri, amaloza chaubweyacho, basi timanyamuka, ine nditanyamula botolo la madzi. Poyamba zinkandiwawa mumtima, koma mutu ndi wake.

Pa zinthu zitatu izi musagwiritse nzeru za kumudzi. Mankhwala: perekani monga zalembedwera pa MAR chart, pepala losonyeza mankhwala a munthuyo ndi nthawi yomwera, sainani munthu atameza, ndipo musaphwanyire piritsi m'phala mobisa popanda chilolezo cholembedwa. Chakudya: ena amatsamwa msanga, ndipo katswiri amakhala atalemba kuti chakudya chifewe motani, madzi akhale olimba motani. Nsima yanu ya m'kontena musagawe musanaone fayilo, ngakhale akupempheni ndi maso achisoni. Khunyu: musaike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize pansi. Chotsani zimene zingamupweteke, ikani chofewa kumutu, yang'anani wotchi, akasiya kuphupha mugonekeni chammbali. Zikapitirira mphindi zisanu imbani 999 kuitana ambulansi, kapena msanga kuposa apo ngati fayilo yake ikutero.

Ndalama za munthu, ngakhale mwangomugulira buledi, sungani lisiti.

Tsopano nkhani imene ambiri amandinong'oneza. Mwaona mnzanu wa pantchito akukankha munthu, akumutsekera m'chipinda, kapena akumumana chakudya ngati chilango, koma mukuopa chifukwa viza yanu ili m'manja mwa kampani. Mantha amenewo ndimawadziwa. Koma mu 2011 BBC inaonetsa nkhanza zimene zinkachitika ku Winterbourne View pafupi ndi Bristol, ndipo zinafika poipa choncho chifukwa madandaulo oyamba sanamveke. Malowo anatsekedwa, antchito ena anapita kundende. Inuyo lembani tsiku, nthawi, zimene mwaona ndi maso anu ndi mawu amene mwamva, osawonjezera. Kauzeni manijala tsiku lomwelo. Akakhala chete, imbirani gulu la safeguarding, loteteza anthu ku nkhanza, la khonsolo ya dera lanu kapena CQC, omwe amalandira nkhani ngakhale osatchula dzina lanu. Manambala awiriwo asungeni mufoni musanayambe shifiti yoyamba.