Kusaka nyamalikiti ndi maso ndi kamera: ulendo woyambira ku Lilongwe

Kuno ku Malawi nyamalikiti timaisaka ndi maso, bainokyula ndi kamera basi. Kupha nyama m'malo otetezedwa ndi mlandu, ndipo chikonzedwereni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ikuluikulu imatengera munthu kundende mpaka zaka 30. Ku South Africa, Namibia ndi Zimbabwe kuli minda ya nyama komwe alenje amalipira ndalama zambiri kuti aombere nyamalikiti ndi chilolezo, koma ife sitingalimbikitse munthu kutero. Mu 2016 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN lidalengeza kuti nyamazi zili pachiopsezo, zitachepa kuchoka pa pafupifupi 155,000 mu 1985 kufika pa pafupifupi 97,000 mu 2015. Luso la mlenje likufunikabe lonse: kuwerenga mapazi, kuwerenga mitengo, kudziwa nthawi, ndi kuyandikira nyama osaithawitsa.

Kumene mungazipeze

Ambiri amataya mafuta pachabe polowera ku Kasungu, Nkhotakota kapena Liwonde poganiza kuti nkhalango yaikulu iliyonse ili ndi nyamalikiti. Kumeneko kulibe. Wochokera ku Lilongwe ali ndi njira zitatu.

Yapafupi ndi malo osungirako nyama a Kuti, kufupi ndi tauni ya Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Ndi malo ang'ono, opanda mikango, abwino kupita ndi ana n'kubwerera tsiku lomwelo. Nyamalikiti zake n'zochepa kwambiri, choncho imbani foni mufunse ngati zikuoneka musananyamuke.

Yachiwiri ndi Majete, m'boma la Chikwawa. Mutsika ndi M1 mpaka Blantyre, makilomita oposa 300, kenako makilomita ena pafupifupi 70 kutsetsereka kupita kuchigwa cha Shire. Bungwe la African Parks, lomwe lidayamba kuyang'anira Majete mu 2003, lidabweretsako nyamalikiti 13 mu 2018, zina kuchokera ku South Africa, zina ku Nyala Park ku Nchalo. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 700 ndipo mitengo yake ndi yothithikana, ndiye apa m'pamene kulondola mapazi kumagwira ntchito kwenikweni. Ikani masiku atatu: limodzi lopita, limodzi losaka, limodzi lobwerera.

Koma amene akufuna kuziona zambiri apite ku South Luangwa, ku Zambia. Kwa munthu wa ku Lilongwe n'kufupi kuposa Majete. Mudzera M12 mpaka Mchinji, kuoloka malire pa Mwami, kufika Chipata, kenako makilomita pafupifupi 130 a phula mpaka Mfuwe. Ulendo wonse sufika makilomita 300. Kumeneko kuli nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zomwe sizipezeka kwina kulikonse padziko koma m'chigwa cha Luangwa, ndipo zilipo mazana ochepa chabe. Mmalawi safunika viza, koma galimoto ndi imene imachedwetsa pamalire. Tengani pasipoti, buluu buku, kalata ya mwini galimoto ngati si yanu, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, ndi inshuwalansi ya COMESA ija ya khadi yachikasu. Muyembekezere kulipira misonkho ingapo ya galimoto mu kwacha ya Zambia. Nyamukani ku Lilongwe m'mamawa kuti msewu wa Mfuwe muudutse kukuwala, chifukwa m'mbali mwake muli midzi, njinga ndi mbuzi.

Nyengo ndi maola

Pitani pakati pa Juni ndi Okutobala. Udzu umakhala utauma, mitengo yambiri itayoyola masamba, ndipo nyamalikiti zimasendera kumitsinje komwe kwatsala msipu wobiriwira. Mu Okutobala mumaziona mosavuta kwambiri, koma kutentha kwa Luangwa ndi Chikwawa kumatha kufika madigiri 40. Amene ali ndi ana kapena achikulire asankhe Julayi kapena Ogasiti. M'dzinja nyama zimabalalika chifukwa chakudya chili paliponse, ndipo dothi lakuda la ku Luangwa limasanduka matope omata oti ngakhale galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imatitimira.

Khalani pageti 6 koloko m'mawa. Nyamalikiti zimadya kwambiri m'maola atatu oyamba kukacha ndi maola awiri kapena atatu dzuwa lisanalowe. Masana zimaima pamthunzi n'kumabzikula, ndipo mawangamawanga ake amasakanikirana ndi mthunzi wa masamba moti mutha kuidutsa pa mamita 30 osaiona, ngakhale yamphongo yotalika mamita asanu ndi theka.

Zonyamula

Bainokyula ya 8x42, yokuza zinthu kasanu ndi katatu, ndiyo chida chachikulu. Yokuza kuposa pamenepo imanjenjemera m'manja. Kamera ikhale ndi lenzi ya 70-300mm. Yaitali kuposa apo imadula miyendo kapena mutu, poti nyamayi ndi yaitali kale. Sokani kathumba kansalu, muthiremo makilogalamu awiri a nyemba kapena mpunga, kuti muzikaika pawindo n'kutsamiritsapo kamera. Madzi akumwa akhale malita anayi pa munthu patsiku. Galimoto ikhale yokwera pansi, ya sipeya yopopa, jeke ndi pampu, chifukwa minga ya m'tchire imaboola matayala pang'onopang'ono, mpweya n'kumathera m'njira. Thirani mafuta odzaza ku Chipata kapena Blantyre.

Valani zakhaki kapena zobiriwira mozimirira. Zakuda ndi zabuluu zimaitana akashembe, omwe amaluma kupyola malaya ndipo amatha kufalitsa kaodzera. Mukadwala malungo osamva mankhwala mutabwerako kutchire, auzeni adokotala kumene mudapita.

Kuwerenga zizindikiro

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Yendetsani pa liwiro la makilomita 15 mpaka 20 paola, mawindo ali otsegula, wailesi itazimitsidwa. Gawanani ntchito: woyendetsa aziyang'ana pansi pamsewu, mmodzi kumanzere, wina kumanja.

Phazi la nyamalikiti ndi chiboda chogawanika pakati, chotalika masentimita 18 mpaka 20, chachitali kuposa cha njati chomwe chimakhala chobulungira. Mapaziwo amatalikirana kwambiri, ndipo lakumbuyo limagwera pafupi kapena patsogolo pang'ono pa pomwe padaponda lakutsogolo, chifukwa nyamayi imasuntha miyendo yonse iwiri ya mbali imodzi nthawi imodzi. Kumene kwaloza nsonga yosongoka ndi komwe yalowera. Kuti mudziwe ngati ndi latsopano, yang'anani m'mphepete mwake. Lakuthwa bwino, lopanda masamba kapena tinjira ta nyerere mkati, ndi la usiku womwewo. Likakhala pamwamba pa mapazi a matayala a galimoto yomwe yadutsa m'mawa, nyamayo ili pafupi ndithu.

Ndowe zake ndi timibulu ta masentimita awiri kapena atatu, tosongoka mbali imodzi, tophwatalala mbali inayo. Zimafanana ndi za ngoma, koma chosiyanitsa n'chakuti za nyamalikiti zimamwazikana pamalo otakata popeza zimagwa kuchokera kutali, pomwe za nyama zina zimaunjikana. Zonyezimira ndi zofewa ndi za maola ochepa apitawo. Zotuwa ndi zong'aluka zakhalitsa masiku.

Kenako mitengo. Nyamalikiti zimakonda mitengo yaminga monga mthethe ndi msangu, komanso maluwa ndi masamba a mvunguti. Lilime lake ndi lotalika masentimita pafupifupi 45, ndipo limapulula masamba pakati pa minga. Mtengo umene umadyedwa kawirikawiri umaoneka ngati wometedwa ndi lumo kuyambira mamita awiri mpaka asanu, kumwamba kokha n'kutambalala. Njovu ikadya imathyola nthambi ndi kusenda makungwa. Nyamalikiti imasiya nthambi zilizonse zili bwino, zopanda masamba kunsonga. Mukapeza mitengo yometedwa choncho itandandalika m'mbali mwa mtsinje kapena dambo, imani, zimitsani injini, mudikire mphindi 10 mpaka 15.

Poyang'ana ndi bainokyula musafune nyama yonse. Yambani pansi pa mitengo, mufune miyendo inayi yowongoka pakati pa mathunthu, ndi mchira ukugwedezeka. Kenako kwezani maso pamwamba pa mitengo, mufune kamutu ka tinyanga tiwiri. Makutu ake ndi oyera mkati ndipo akagwedezeka amawala patali. Mverani kulira kwa mbalame zodya nkhupakupa zija zimakwera pamsana pa nyama zikuluzikulu. Zikauluka m'tchire n'kumalira mosasa, pamenepo pali nyamalikiti, njati kapena mvuu. Mukaona imodzi, yang'ananinso mozungulira, chifukwa gulu la nyamalikiti limadya motalikirana, zina pa mtunda wa mamita mazana angapo.

Musachite manyazi kufunsa. Alonda a pageti ndi otsogolera alendo amadziwa kumene gulu lidaonekera dzulo madzulo, ndipo nyamalikiti sizisamuka kutali usiku umodzi ngati chakudya chilipo. Patsiku loyamba ndi bwino kulipira wotsogolera alendo, tsiku lachiwiri n'kuyesa nokha.

Kuyandikira

Chimene chimalakwika kwambiri n'kulunjika nyamayo ndi galimoto. Nyamalikiti imadalira maso, ndipo imakhala itakuonani kalekale inu musanaione. Chinthu chobwera molunjika imachitenga ngati chilombo. Tsatani msewu womwe ukudutsa chammbali, ngati mulibe nayo ntchito, ndipo muime pa mamita 40 kapena 50. Kutuluka mumsewu n'koletsedwa, kutsika m'galimoto n'koletsedwanso kupatula pamalo oikidwa. Munthu akangoimirira kapena kutulutsa thupi pawindo, nyamayo imazindikira kuti muli anthu ndipo imachoka.

Iwerengeni. Ikapitiriza kudya kapena kubzikula, yakulolani. Ikasiya kutafuna, khosi n'kuliwongola, makutu n'kulozetsa kwa inu, mwafika pamalire, musasunthenso. Ikapinda mchira pamsana, ikuthawa, ndipo imathamanga mpaka makilomita 55 paola. Musaithamangitse. Mukakhala chete, nthawi zambiri imabwera yokha kudzakusuzumirani, chifukwa ndi nyama yachidwi. Njira yabwino koposa n'kuona kumene gulu likulowera, kupita patsogolo pake mamita 100, kuzimitsa injini, n'kulisiya likupezeni.

Zikakhala kuti zonse zaima njo, zikuyang'ana mbali imodzi osati kwa inu, tsatani maso awo ndi bainokyula. Kawirikawiri kumeneko kuli mkango kapena kambuku.

Yaikazi yokhala ndi mwana ipatseni malo owirikiza. Imatenga bere miyezi 15, mwana amabadwa wotalika pafupifupi mamita 1.8, ndipo ana ambiri amagwidwa ndi mikango ndi afisi chaka chisanathe. Galimoto ikalowa pakati pa mayi ndi mwana, mwanayo amatha kuthawira kwina n'kusanduka ndiwo za zilombo. Chithunzi chilichonse sichingalipire zimenezo. Pamadzinso musayatse injini kapena kulankhula. Kuti imwe, nyamalikiti imatangadza miyendo yakutsogolo n'kutsitsa mutu, ndipo imadziwa kuti pamenepo ndi pomwe ingagwidwe. Imatha kuima theka la ola ikuyang'anayang'ana isanawerame, ndipo phokoso limodzi lokha limaibweza ndi ludzu lake.

Kusiyanitsa yamphongo ndi yaikazi n'kosavuta mukayang'ana tinyanga. Ta yamphongo ndi tonenepa, tadazi pamwamba chifukwa chomenyana. Ta yaikazi ndi toonda, tokhala ndi ubweya wakuda kunsonga. Patali, yamphongo imadya itatambasula khosi m'mwamba, pomwe yaikazi imakonda kuweramira pa mitengo yaifupi. Mphongo ziwiri zikaima moyandikana n'kumaombana ndi makosi, khalani pomwepo. Zikulimbirana ukulu, ndipo kugunda kwake kumamveka patali.

Kujambula

Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chammbali. Tembenuzani kamera choimirira kuti nyama yonse ikwane, ndipo musiye malo pansi pa ziboda. Liwiro la shata likhale 1/500 ya sekondi ikaima, 1/1000 kapena kuposa ikamayenda kapena kumenyana. Mutu ukakhala pa thambo lowala, kamera imadetsa nkhope. Onjezani kuwala ndi +1. Chithunzi chosaoneka bwino nthawi zambiri chimabwera chifukwa cha injini yosazimitsidwa kapena wina amene akusuntha m'galimoto. Ikamamwa, konzekerani nthawi imene idzutse mutu, chifukwa imautukula mwamphamvu madzi n'kumwazika kuchokera kukamwa. Wa foni asakuze chithunzi ndi zala, chimangosweka. Agunditse kamera ya foniyo pa diso limodzi la bainokyula yotsamira pa kathumba kaja. Fumbi ndi loopsa pa kamera, choncho ikulungeni m'chitenje mukamayenda ndipo musasinthe lenzi galimoto ina ikudutsa.

Kusaka wapansi

South Luangwa imadziwika ndi maulendo oyenda pansi omwe adatchukitsidwa ndi Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire. Amaloledwa pokhapokha muli ndi wotsogolera wachilolezo ndi mlonda wamfuti, ndipo ana aang'ono saloledwa. Mumayenda mondondozana, mwakachetechete, mphepo ikuomba kumaso. Otsogolera amanyamula phulusa m'kansalu, n'kumaligwedeza kuti aone kumene mphepo ikupita, makamaka chifukwa cha njovu ndi njati. Wapansi simungayandikire nyamalikiti ngati mmene galimoto imachitira. Mamita 80 mpaka 100 ndi okwanira. Ikakhala yopanikizika imaponda ndi mphamvu yoti n'kupha mkango.

Mukaona nyamalikiti ikutsimphina, mwendo utatupa kapena waya ukukoka pansi, umenewo ndi msampha wa opha nyama mozembera. Waya wotcherera agwape umaikola m'mwendo n'kumadya mnofu mpaka pafupa. Musayese kuuchotsa. Jambulani nyamayo mbali zonse ziwiri, popeza mawanga a nyamalikiti iliyonse ndi akeake ndipo ndi amene alonda amaizindikira nawo, lembani malo ndi nthawi, ndipo mukanene pageti kapena ku ofesi ya nkhalangoyo tsiku lomwelo kuti madokotala a nyama aipeze bala lisanalowe.