Zoti "ndinali nditaledzera" ku khoti la kunja sizithandiza

Achimwene athu aku Namwera, Makanjira ndi Malindi amene muli ku Joni, nkhanizi zimatipeza kuno mochedwa, timangomva mayi akulira kuti mwana wawo wamangidwa pa mlandu wogwirira, abale ayamba kusonkha za loya koma palibe akudziwa kuti khoti likuyang'ana chani.

Ku South Africa lamulo la 2007 limati kugona ndi mwana osakwana zaka 16 ndi mlandu olo atavomera yekha, ndipo mkazi wako yemwe ukamukakamiza ndi kugwirira basi. Ogwirira koyamba chilango chimayambira zaka 10, ogwiriridwayo akakhala mwana ndi ndende moyo wonse, ndipo zoti "kwathu timatero" lamulo linakaniratu kuti sichifukwa chochepetsera chilango.

Akakupeza olakwa khoti limafuna kudziwa ngati ungadzachitenso. Nthawi zambiri amatuma probation officer, wa boma ofufuza za moyo wako nkulembera khoti lipoti, amabwera ndi faelo yake nkumafunsa modekha ngati mukucheza: mowa unayamba liti, chamba kapena mankhwala ozunguza bongo ngati nyaope ndi tik unalawapo, unamangidwapo kale, ukukhala ndi ndani. Apa ndi pomwe anyamata amadzikola okha, amaganiza kuti akanena kuti unali mowa awamvera chisoni, pomwe olembayo akumva zoti munthuyu akamwanso adzabwereza. Kunama nakonso nkoopsa chifukwa amafunsanso abale ndi abwana ako. Chomwe chimamveka bwino ndi pepala losonyeza kuti unayamba kulandira thandizo losiya, osati kulumbira pakamwa.

Amene muli ku America, kumeneko ndiye amachita kuwerenga mapointi poyeza ngati ungadzachitenso. Ku New York mbiri ya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo payokha ndi mapointi 15, ukafika 75 uli level 2, ukafika 110 level 3, ndipo ma level awiriwa dzina limakhala mkaundula wa olakwa pa milandu yogonana moyo wonse. Kwina amagwiritsa Static-99R, mafunso 10, muli zaka zako, milandu yakale, ngati olakwiridwayo anali mlendo kwa iwe, ngakhale zoti unakhalapo pabanja zaka ziwiri.

Ku Joni kaundula aliko naye, National Register for Sex Offenders, ukalowamo ntchito yokhudza ana iwalani. Abale musathamangire kugulitsa boti kapena munda, Legal Aid South Africa imapereka loya waulere kwa osauka olo akhale obwera, ndipo pemphani omasulira Chichewa kapena Chiyao musanasaine kalikonse. Komanso musamuimbire odandaulayo kuti tikambirane pachibale, zimenezo zitha kumuphonyetsa belo m'bale wanuyo.