Momwe mungatsegulire pulojekiti yakale ya Windows Movie Maker

Yambani mwaona zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, chifukwa ndi zimene zikuuzeni mtundu wa pulogalamu imene inaipanga. Fayilo yothera ndi .MSWMM ndi ya Movie Maker yakale: 1.0 ya Windows Me ya mu 2000, 2.1 ya Windows XP ya mu 2004, kapena 6.0 ya Windows Vista. Yothera ndi .wlmp ndi ya Windows Live Movie Maker 2009 ndi 2011, kapena Movie Maker 2012. Ngati n'kotheka tsegulirani pa mtundu womwewo, poti mawu olembedwa pa vidiyo ndi zokongoletsa zina zimasokonekera mukasintha mtundu.

Microsoft inasiya kugawa pulogalamuyi pa 10 January 2017, ndipo inali yaulere kuyambira kale. Tsamba lililonse la pa intaneti limene likukupatsani "Movie Maker" kenako n'kufuna ndalama kuti musunge filimu yanu ndi la akamberembere. Kuli bwino kufunafuna kompyuta yakale imene ili nayo kale.

Pamene ambiri amakodwa ndi apa. Fayilo ya pulojekiti ilibe vidiyo m'kati mwake. Imangosunga malangizo a podula ndi polumikiza, komanso malo amene vidiyo, zithunzi ndi nyimbo zinali pa kompyuta. Mukasuntha foda, kapena flash ikasintha chilembo kuchoka pa E: kupita pa F:, zidutswa zonse zimaoneka ndi chizindikiro chochenjeza. Musazifufute, mungataye ntchito yonse yodula ija. Pa Movie Maker 2012 dinani batani lakumanja la mouse pa chidutswacho, sankhani Fix item, n'kuilozera pamene fayilo ili tsopano. Zikakhala zambiri, koperani kaye fayilo ya .wlmp, mutsegule kopeyo ndi Notepad, mupeze mizere ya filePath, imene ili ndi adiresi ya malo a vidiyo iliyonse, kenako ndi Ctrl+H musinthe adiresi yakale ndi yatsopano ulendo umodzi. Samalani, mukalakwitsa chilembo chimodzi chokha vidiyo siipezeka. Ngati vidiyo zoyambirirazo zinatayika, pulojekiti payokha singazibweze.

Zonse zikaoneka, pitani pa Save movie (pa Vista ndi Publish Movie), osati Save project. Mtundu wa 2012 umatulutsa MP4, imene mafoni amasewera bwinobwino. Akale amatulutsa WMV. Clipchamp, pulogalamu yokonzera vidiyo ya mu Windows 11, sitsegula .wlmp, ndiye muipatse filimu yotulutsidwayo.